Mwambo sausiya munthu mmodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imangobwerabwerayi yakuti miyambo ina yopweteka bwanji siikutha. Ena akuti boma lingokhwimitsa malamulo basi, ena akuti anthuwo ndi umbuli, koma ine ndimaona kuti ambiri amadziwa ndithu kuti mwambowo ukuwawa, chomwe amaopa n'kukhala oyamba kuusiya.

Taonani za ku China. Kwa zaka mazanamazana ankamanga mapazi a ana aakazi ndi nsalu mothinitsa, zala kuzipindira kunsi mpaka mafupa kuthyoka, ati phazi laling'ono ndiye kukongola. Kamwana ka zaka 5 kulira usiku onse mayi ake ali pompo, osati mayiwo ndi ankhanza ayi, koma akudziwa kuti mtsikana wa mapazi akuluakulu adzasowa banja labwino. Mafumu a Qing, omwe ankalamulira China nthawi imeneyo, analetsapo cha m'ma 1660 koma zinakanika. Zinadzatheka m'ma 1890 pomwe makolo anayamba timagulu n'kumalonjezana kuti ana athu aakazi sitiwamanganso, komanso anyamata athu sakwatira mtsikana womangidwa mapazi. Lonjezo lachiwirilo ndi lomwe linagwira ntchito, chifukwa mantha aja osowa banja anathera pomwepo. Lamulo la boma loletsa mwambowu la mu 1912 linapeza anthu atauyamba kale ulendo.

Ku Senegal nakonso chimodzimodzi. Mu 1997 amayi a m'mudzi wa Malicounda Bambara analengeza poyera kuti mdulidwe wa atsikana ausiya, midzi yoyandikana inawanyoza. Imamu wina, a Demba Diawara, ndi amene anaona pomwe pali mfundo, anati mudzi umodzi sungasiye wokha pomwe timakwatirana ndi midzi ina, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndiye bambowo anayenda mudzi ndi mudzi kwa achibale awo, kukhala pansi, kukambirana mwaulemu osatukwana agogo a munthu, mpaka mu February 1998 midzi 13 inakumana ku Diabougou n'kulonjeza limodzi aliyense akumva. Boma linadzaika lamulo mu 1999, pambuyo.

Ndiye inu amabungwe amene mumaitana munthu mmodzimmodzi kumsonkhano wa kuhotela, kumupatsa tisheti ndi alawansi n'kulemba mu lipoti kuti anthu aphunzitsidwa, tandiuzeni, akabwerera kwawo yekhayekha ndi tisheti yakeyo, apongozi ake amva zimenezo? Nanga a kumudzi komwe mwana wake adzakwatiweko munawaitana?

Wowerenga wanu wa nthawi zonse