Opanga mafilimu kumudzi, mapazi a anthu amamvekera kuti?

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Joni ndipo nkhani yanga ndi ya mafilimu athu achi Malawi omwe ambiri kuno timaonera pa YouTube tikaweruka. Zithunzi zayamba kuoneka bwino ndithu, makamera anagula abwino, koma mawu ayi ndithu. Munthu akuyenda pa simenti atavala nsapato za gogoda koma osamveka kanthu, chitseko chikutsekedwa mwaukali chili zii, kenako mphepo yalowa mu maikolofoni mpaka zomwe akukangana mkazi ndi mwamuna wake sitikuzimva, ndiye pofuna kubisa zonsezo amangothirapo nyimbo mokweza basi.

Ndimafuna achinyamatawa amve za bambo wina dzina lake Jack Foley. Anabadwa mu 1891 ku New York, kenako anasamukira ku California nthawi yomwe mafilimu anali opanda mawu. Ankagwira chilichonse chomwe chapezeka, kulowa m'malo mwa azisudzo pa zochitika zoopsa, kulemba nkhani, kusaka malo ojambulira cha ku Bishop komwe ankakhala. Ndiye mu 1927 kampani ya Warner Bros inatulutsa The Jazz Singer, filimu yomwe anthu anamva munthu akuimba ndi kuyankhula, makampani ena onse anangoti kakasi. A Universal anali atajambula kale Show Boat yopanda mawu, anaona kuti ikatuluka choncho palibe akaionere, ndiye Foley ndi anzake analowa mu situdiyo, filimu ikuonetsedwa pa chinsalu iwo akupanga phokoso logwirizana ndi zomwe zikuoneka, kuomba m'manja, kuponda pansi, zonse nthawi imodzi ndi oimba. Inatuluka mu 1929.

Kuyambira pamenepo ntchito yake inali imeneyo kwa zaka zoposa 30. Ankayang'ana mmene wosewera aliyense amayendera nkumaponda chimodzimodzi, akafuna kuti zimveke ngati akuyenda anthu angapo ankawonjezera ndodo. Yomwe imandisangalatsa kwambiri ndi ya Spartacus ya 1960, phokoso la asilikali achi Roma akuguba silinajambulike bwino ndipo kubwereza kukanadya ndalama zankhaninkhani, mkuluyu anangotenga mulu wa makiyi nkumawagwedeza pa maikolofoni, zida za asilikali zija zinamveka. Makiyi abale! Anamwalira mu 1967, dzina lake silinkalembedwa nkomwe kumapeto kwa mafilimu omwe anagwirapo, koma lero ntchito yonseyi imatchedwa Foley ndipo omwe amaichita amalembedwa mayina.

Nanga ife chikutivuta nchiyani? Tisanamizire ndalama. Chipinda chabata, maikolofoni imodzi yabwinoko, laputopu, mchenga pang'ono mu beseni, nsapato zakale, chitenje chogwedeza kuti zovala zimveke, mapesi ouma othyola pa ndewu. Zonsezi zilipo ku Ndirande komanso ku Kawale. Ndipo luso limeneli si lachilendo kwathu, amene tinakula tikumvera masewero pa wailesi ya MBC tikudziwa kuti chitseko chikalira tinkachiona ndi m'maso momwe, pomwe kunalibe chithunzi chilichonse.

Kuno ku Johannesburg mafilimu anayamba kalekale, situdiyo ya Killarney inatsegulidwa mu 1915 nthawi yomweyo ya mafilimu opanda mawu, ndiye anzathuwa anatitsogolera, ukamaonera masewero awo pa TV ngakhale kapu ikaikidwa pa tebulo imamveka. Anyamata athu omwe ali kuno ndipo amakonda za kanema bwanji osafunsira kuphunzira zimenezi mmalo moti aliyense azingofuna kugwira kamera kapena kuoneka nkhope?

Pempho langa kwa opanga mafilimu ndi loti pa bajeti muziikapo munthu wa phokosoli, mumulipire, dzina lake lilembedwe kumapeto. Komanso omwe mumakonza mphoto za mafilimu kumudziko ganizirani gawo la mawu palokha, mwina anthu angayambe kulimbikira.

Wowerenga wanu,
Johannesburg