Dandaulo: nambala yolakwika ya matenda a mwana wanga ndi kukana kwanu kulipira chithandizo chake

Kwa Mkulu wa Nthambi Yolipira Mabilu a Odwala,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa njira zina zonse zandikanika. Ndaimba foni ku ofesi yanu kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndimayankhulana ndi munthu wina, aliyense n'kundiuza kuti nkhaniyi aipereka kwa oyenera. Patha miyezi itatu oyenerawo osandiyankha. Ndine membala wa inshuwalansi yanu ya zaumoyo, ndimalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 9 analembedwa pa dzina langa.

Mwanayu ali ndi matenda a vitiligo. Anayamba ndi kabanga koyera pafupi ndi diso, kenako mawanga ena anatuluka m'zala ndi m'mawondo. Dokotala wa khungu anamuunika ndi nyale ya Wood, nyale yapadera younikira khungu, m'chipinda chamdima, mawangawo n'kuwala mbee, ndipo anatsimikiza matendawo. Pa fomu imene anasaina analemba nambala ya L80. M'buku la ICD-10, limene bungwe la World Health Organization linakonza kuti matenda alionse akhale ndi nambala yakeyake, L80 ndi vitiligo basi. Koma pa chikalata chimene inu munanditumizira chokana kulipira palembedwa L81.1.

Bwana, L81.1 ndi chloasma. Amenewa ndi mawanga akuda amene amatuluka kumaso, kawirikawiri kwa amayi oyembekezera kapena amene akumwa mapiritsi olera. Amabwera chifukwa melanini, amene amapatsa khungu mtundu wake, wachuluka pamalopo. Vuto la mwana wanga ndi losemphana ndi limeneli: melanini wake akutha. Chitetezo cha m'thupi mwake chikuwononga maselo amene amapanga melaniniyo, ndiye khungu likuyera. Wolembayo akanaika L81.5 kapena L81.6, nambala za matenda ena ochepetsa mtundu wa khungu, ndikanamvetsa kumene anasokonekera, ngakhale zikanakhalabe zolakwika. Koma kulemba kamwana ka zaka 9 kuti kali ndi mawanga a amayi oyembekezera, popanda aliyense wodabwa nazo, zikusonyeza kuti fomu ya dokotala palibe anaiwerenga.

Nambala imodziyi yagwetsa zonse. Mwakana kulipira mafuta opaka a tacrolimus. Mwakana kulipira kuyezetsa magazi kwa chithokomiro, ati sikukugwirizana ndi matenda amene alembedwa. N'zoona kuti sikukugwirizana ndi nambala imene munalembayo, koma anthu odwala vitiligo amapezeka ndi matenda a chithokomiro kawirikawiri kuposa anthu ena, n'chifukwa chake dokotala analamula kuti ayezedwe.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi chithandizo cha kuwala. Mwana wanga amayenera kuwalitsidwa ndi kuwala kwa narrowband UVB, kochokera ku nyale zapadera za kuchipatala, katatu pa sabata. Chithandizo chimenechi chimafuna kupirira. Amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo pamatha miyezi kuti zotsatira zioneke. Ife tinali titayamba kuziona: timadontho takuda tinkatuluka m'kati mwa banga la kumaso, pamene pali mizu ya titsitsi, ndipo mwanayo ankatiwerenga pagalasi m'mawa uliwonse. Kuchipatala atalandira yankho lanu anatiimitsa mpaka ngongole italipidwa. Dokotala wandifotokozera kuti munthu akadukiza kwa masabata angapo sangapitirize pa mlingo umene anafika, chifukwa khungu likhoza kupsa. Ayenera kutsika kapena kuyambiranso pansi. Ndiye tsiku lililonse limene nkhaniyi ikugona patebulo panu, mwana wanga akubwerera m'mbuyo.

Pali mawu ena amene sindingawasiye osawatchula. Nditaimba kachitatu, amene anandiyankha anandiuza kuti ngakhale nambala itakonzedwa mwina simulipirabe, chifukwa mawanga apakhungu ndi nkhani yongodzikongoletsa. Ndikukana zimenezo ndi mtima wanga wonse. Khungu limene lataya melanini lilibe chodzitetezera ku dzuwa, limapsa msanga. Vitiligo amagwira munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse padziko lapansi, ndipo ali ndi nambala yakeyake m'buku la matenda chifukwa ndi matenda ndithu. Sapatsirana, komanso si khate, koma kusukulu anzake ena a mwana wanga amakana kumugwira dzanja, ndipo iye wayamba kubisa zala m'malaya. Mayi amene waona mwana wake akuchita zimenezo sangavomere kuuzidwa kuti akungofuna zokongoletsa. Ndawerenga mgwirizano wathu kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo sindinapeze pamene vitiligo watchulidwa pa zinthu zimene simulipira. Ngati mawu otero alipo, ndionetseni tsamba ndi ndime yake.

Sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Wolemba manambala ambirimbiri tsiku lonse akhoza kuphonya, ndipo L80 ndi L81 n'zoyandikana. Chimene sindikuchimvetsa n'chakuti cholakwika choonekeratu chotere, chimene ndachiloza kanayi konse, chikhale miyezi itatu osakonzedwa.

Ndikupempha kuti mufananitse fomu ya dokotala ndi zimene zili mu kompyuta yanu, mubwezeretse nambala ya L80, ndipo muunikenso mabilu onse amene munawakana: a mafuta, a magazi ndi a kuwala. Mufufutenso chloasma mu mbiri ya mwana wanga, chifukwa sindikufuna kuti dokotala wina m'tsogolo adzawerenge matenda amene iye sanadwalepo. Koma chofulumira kuposa zonse ndi kalata yopita kuchipatala yotsimikiza kuti mulipira, kuti amulole kuyambiranso chithandizo sabata ikubwerayi.

Ndaika m'kalatamu kope la fomu ya dokotala, chikalata chanu chokana kulipira, ndi malisiti a mankhwala amene ndagula ndi ndalama zanga podikira inu. Ndalama zimenezo ndikuyembekeza kuti mundibwezera. Yankho lanu libwere lolembedwa, losainidwa ndi munthu amene ndingathe kumufunsa ngati zinthu zitaimanso. Pakatha masiku 14 ndisanalandire kanthu, nkhaniyi ndiitengera ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi, pamodzi ndi mapepala omwewa.

Ine wanu wodandaula,
Mayi wa mwana wodwalayo