Ana asiye kutchera ulimbo, tikujambula mbalame

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono. Ine miyezi yozizira ino ya June ndi July ndi imene ndimakonda kujambula mbalame pakhomo panga kuno ku Zomba, chifukwa mitengo ina yayamba kuyoyola masamba ndiye pumbwa kapena njiwa ikatera panthambi imaoneka bwinobwino olo pa kamera ya foni. Anamzeze ochokera ku Ulaya aja anabwerera kale cha mu April, atsala ndi eni mudzi.

Ndimangothira madzi m'phale lakale pansi pa mpapaya, n'kukhala phee pakhonde cha m'ma 6 koloko m'mawa dzuwa lili kumsana kwanga. Kukazizira mbalame zimafufumitsa nthenga mpaka kuoneka zonenepa ngati mpira, komanso zimakhalitsa pamalo amodzi kuwothera dzuwa, apo ndiye chithunzi chimatuluka bho. Kukagwa chiperoni musavutike n'komwe, zonse zimangotuluka mbuu.

Koma sabata yatha ana apaneba analitulukira phale langa lija n'kutcherapo ulimbo, ndinapeza atimba awiri atamatirira, wina atafa kale. Makolo chonde alandeni ulimbo ndi malegeni anawa. Akafuna mbalame abwere kwathu, foni ndiwabwereka ajambule.

Wokonda mbalame,
Zomba