Asilikali apamadzi opulumutsidwa, abwezedwe kwawo kapena asungidwe?

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya asilikali apamadzi amene sitima yawo yamizidwa pankhondo kenako nkutoledwa ndi dziko lomwe silikumenya nawo nkhondoyo. Nkhani yotere ikangotuluka anthu amagawanika, ena eti abwezedwe kwawo msanga ndi anthu ovutika, ena eti atsekeredwe basi lamulo ndi lamulo. Ine ndikuti onsewa akuyipeputsa nkhaniyi. Lamulo lilipodi koma lili ndi mpata, ndipo pampatapo mayiko ang'onoang'ono amayamba aona kaye kuti neba wamphamvu ndi ndani asanagamule.

Tisiyanitse kaye. Akakugwira mdani wako ndiwe mkaidi wa pankhondo, ngati zija zinachitika pa nyanja yathu yomweyi mu Ogasiti 1914 pamene Guendolen ya Angerezi inakawombera Hermann von Wissmann ya Ajeremani ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli, nkumugwira kaputeni wake. Izo nzina. Pano ndikunena dziko losalowerera, lomwe lilibe nawe chifukwa, lakupatsa bulangete ndi tiyi koma likukuuza kuti kwanu supita mpaka nkhondo ithe. Chifukwa chake nchomveka ndithu, likakubweza lero mwezi wamawa uli pa sitima ina ukuwombera, ndiye kuti dziko lija lapereka msilikali ku mbali imodzi. Zinalembedwa ku Hague mu 1907 nkudzabwerezedwa mu pangano lachiwiri la Geneva la 1949. Ndime 15 ikuti akatoledwa ndi sitima yankhondo ya dziko losalowerera aonetsetse kuti asakamenyenso nkhondo, ndime 17 ikukamba za otsitsidwa padoko, ndipo bilu ya chipatala ndi ya kuwasunga amalipira ndi dziko la eni asilikaliwo. Koma ndime zonsezi zili ndi kamawu koti izi zichitike pomwe malamulo a pakati pa mayiko akufuna choncho, osafotokoza bwino kuti ndi pati. Nanga akatoledwa ndi sitima wamba ya katundu pakati pa nyanja?

Pa 22 Sepitembala 1914 sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, U-9, inamiza sitima zitatu za Angerezi m'mawa umodzi, Aboukir, Hogue ndi Cressy, anthu oposa 1,400 anafa. Sitima ya malonda yotchedwa Flora ya ku Netherlands, dziko lomwe silinalowerere nkhondoyo, inavuula anthu 286 nkukawatsitsa ku IJmuiden. Boma la kumeneko linayamba lawasunga, kenako linati ayi, awa awatola ndi anthu wamba kunja kwa madzi athu, patangopita masiku ochepa anawabweza ku Britain. Ndipo musaganize kuti ankangokondera Angerezi, mwezi wotsatira womwewo asilikali apamadzi a Britain pafupifupi 1,500 amene anadumpha malire ndi miyendo pothawa ku Antwerp ku Belgium anawatsekera ku Groningen mpaka 1918.

Ndiye tamvani ya Ireland, dziko lomwe silinalowerere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kerlogue kanali kasitima ka kampani ya ku Wexford, mamita 43 okha, Ilala yathuyi ndi yayitali, amalinyero ake 11. Pa 29 Disembala 1943 kanali kuchokera ku Lisbon katanyamula malalanje pamene ndege ya Ajeremani inakazungulira nkukalozera komwe kunali tsoka. Dzulo lake Angerezi anali atamiza sitima zitatu zankhondo za Germany mu Bay of Biscay, Z27, T25 ndi T26, ndiye panyanja panali anthu okhaokha, ena opsa, ena atafa kale m'majaketi awo oyandamitsa. Kaputeni Thomas Donohue ndi anyamata ake anakoka anthu kwa maola pafupifupi 10 mpaka anakwana 168, kuwapanikiza paliponse, mu injini, m'makonde, moti kasitima kanatsala pang'ono kumwa madzi. Dokotala munalibe, chakudya ndi madzi zinali za anthu 11, anachita kutsegula katundu wa eni ake nkumawafinyira malalanje aja. Anayi anafera m'njira. Mkulu wa Ajeremaniwo anapempha kuti awatulire ku France komwe kunali anzawo, Donohue anakana. Angerezi anamuuza pa wailesi kuti akhotere ku Fishguard, doko la ku Britain, sanapitenso. Analunjika kwawo nkufika ku Cobh pa 1 Januwale 1944 ndi anthu 164. Dziwaninso kuti miyezi iwiri m'mbuyomo kasitima komweka kanali katawomberedwa ndi ndege zankhondo za Britain za RAF, ndipo mu 1941 kanapulumutsa amalinyero a sitima ya Britain ya Wild Rose. Bambo Donohue ameneyu ndimamuvulira chipewa, akanapita ku France wapereka asilikali kwa Hitler, akanapita ku Fishguard wapereka akaidi kwa Churchill.

Koma onani chimene boma lake linachita. Sitima ya malonda, pakati pa nyanja, chimodzimodzi ndi Flora ija, koma Ajeremani awa sanabwezedwe, anawatengera ku kampu ya Curragh mpaka nkhondo itatha mu 1945. Pomwe nthawi yomweyo oyendetsa ndege a Britain ndi America ogwera ku Ireland ambiri ankangowaperekeza kumalire a Northern Ireland, dera la pansi pa Britain, ponena kuti sanali pa ulendo wankhondo. Eti onsewo? Abale inu. Ine boma la Ireland la nthawiyo, la de Valera, sindilida, malasha, mafuta ndi njira za panyanja zonse zinali m'manja mwa Britain, ndipo pofika 1944 aliyense ankaona komwe nkhondo ikupendekera, komanso kubwezera Hitler amalinyero 164 odziwa ntchito sichinali chinthu choti munthu nkuchinyadira. Chomwe ndikukana nchoti tizinamizana kuti linali lamulo lokhalokha. Munali ndale, munali mantha, munali kuwerengera za mawa.

Kwa aja amati kusunga ndi nkhanza, ku Curragh sikunali ngati ndende yomwe mukuyiganizira. Munthu ankasayina pepala lolonjeza kuti abwerera, nkutuluka kukavina, kukamwa, ena kugwira maganyu m'mafamu, ena mpaka kukaphunzira ku yunivesite ku Dublin, angapo anakwatira konko. Anzawo amene anatsala m'nkhondo ambiri sanauone 1945. Ku Argentina nako, amalinyero oposa 1,000 a Graf Spee, sitima yankhondo ya Germany imene kaputeni Hans Langsdorff anaimiza yekha pafupi ndi Montevideo pa 17 Disembala 1939, anasungidwa motayirira kwambiri moti maofesala ambiri anazemba nkubwerera ku Germany kukamenyanso nkhondo, apa ndiye mlonda ankagona dala kaya, ndipo ndi zimenezi zimapangitsa mbali inayo kusiya kukhulupirira dziko losalowerera. Zikafika poti sakukukhulupirira, sitima zako zimayamba kuimitsidwa ndi kusechedwa, kaputeni wotsatira akaona anthu m'madzi aganiza kawiri asanayime, ovutika ndi amene ali m'madziwo.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi atolankhani anu, nkhani yotere ikadzabwera musamangotiuza kuti dziko lakuti lasunga kapena labweza asilikali akuti. Muzitifufuzira kuti anawavuula ndani, sitima yankhondo kapena ya katundu, anawatola m'madzi a dzikolo kapena kunja, komanso ngati dzikolo lagwirizana ndi mbali ziwiri zomenyanazo zoti abwezedwe, poti ndime 17 ija imalola zimenezo. Ndiponso mutiuze kuti dzikolo mafuta ndi ngongole limatenga kwa ndani.

Ine wowerenga wanu,
Monkey Bay, Mangochi