Magulu oimba a ku Asia: timvetse m'mene amaumbidwira ndi kugulitsidwira tisanawatengere

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tinenepo za magulu a achinyamata oimba ndi kuvina a ku Asia, omwe nyimbo zawo zafika kuno ku Chigwa cha Shire kudzera pa TikTok, YouTube ndi m'mamemore khadi. Ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka pa boma ku Nsanje, ana a sekondale akuyeserera mavinidwe ake, ena ayamba kale timagulu tawo. Makolo ambiri amangoti ndi za Matchaina, owulutsa mawu ena amangoti zonse ndi K-pop, dzina limene linayamba ngati la nyimbo za achinyamata za ku South Korea. Ife amene ntchito yathu ndi kukonza zoimbaimba ndi kuphunzitsa magule tikuona kuti kusakaniza kumeneku kukubisa mfundo yofunika. Dzina loti K-pop lero silikunenanso kwawo kwa oimba, kapena kamvekedwe ka nyimbo. Likunena njira imene kampani yaumbira gulu ndi kuligulitsira. Amene sanamvetse zimenezi atengera zovala ndi tsitsi, n'kusiya nzeru yeniyeni.

Tiyambe ndi gulu la Twice, lomwe kampani ya JYP Entertainment inalitulutsa mu 2015. Muli atsikana 9: asanu a ku South Korea, atatu a ku Japan (Momo, Sana ndi Mina) ndi mmodzi wa ku Taiwan, Tzuyu. Sikuti ku Korea kunasowa atsikana odziwa kuimba. South Korea ili ndi anthu pafupifupi 51 miliyoni basi, pomwe Japan ndi msika wachiwiri pa dziko lonse pogula nyimbo, kutsatira America. Mtsikana wa ku Osaka akaima pa TV ya ku Tokyo amayankhula yekha popanda womasulira, amaseka nthabwala zakumeneko, ndipo makampani otsatsa malonda amamuona ngati wawo. Ku Blackpink, ya YG Entertainment yomwe inayamba mu 2016, ntchito imeneyi amagwira Lisa wa ku Thailand, ndi Rosé amene anakulira ku Australia ndipo Chingerezi ndi chake. Membala aliyense wakunja ndi khomo lolowera msika wina, ndipo kampani imawerengera zimenezi gulu lisanakhale n'komwe ndi dzina.

Kaumbidwe kake kamayenda motere. Kampani imayendayenda m'mizinda monga Bangkok, Tokyo, Taipei ndi Los Angeles kuyesa achinyamata, ambiri akadali a msinkhu wa sukulu. Osankhidwa amapita ku Seoul, likulu la South Korea, amagona nyumba imodzi, ndipo tsiku lililonse amaphunzira kuimba, kuvina, kuyankhula pa kamera, ndi Chikoreya kwa ochokera kunja. Mwezi uliwonse amayesedwa pamaso pa akuluakulu, ndipo amene sakusintha amabwezedwa kwawo. Palibe lonjezo loti adzatuluka m'gulu. Jihyo wa Twice anakhala pa maphunziro otere zaka 10 asanatulutse nyimbo. Gulu likamapangidwa, aliyense amapatsidwa udindo wodziwika: mtsogoleri, woimba wamkulu, wovina wamkulu, wa rap, amene nkhope yake imaikidwa patsogolo pa zithunzi, ndi wamng'ono pa onse. Cholinga n'choti wowonera aliyense apeze mmodzi womukonda, chifukwa munthu amaononga ndalama zambiri pa munthu amene wamukonda kuposa pa nyimbo.

Nanga nyimbo zake ndi za mtundu wanji? Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. M'nyimbo imodzi ya mphindi zitatu mumatha kumva hip hop, R&B, house ndi kayimbidwe ka ku Latin America, ndipo posachedwapa ena akutapa ku Afrobeats. Zambiri amazipeka anthu a ku Sweden, Norway, Britain ndi America, amene kampani imawasonkhanitsa kwa masiku angapo kuti apange nyimbo zochuluka, kenako imasankhapo, n'kulemba mawu a Chikoreya pamwamba. Choncho simungamve ng'oma n'kunena kuti iyi ndi K-pop, monga m'mene mungadziwire reggae kapena rhumba.

Taonani magulu awa. NiziU inapangidwa mu 2020 ndi JYP pamodzi ndi Sony Music ya ku Japan. Mamembala ake anasankhidwa pa mpikisano wa msika wa ku Japan, amaimba makamaka m'Chijapani, koma anaphunzitsidwa ku Korea. XG, yomwe inatuluka mu 2022, ili ndi mamembala 7 a ku Japan, imaimba m'Chingerezi, imaonekera pa mapulogalamu a nyimbo a ku Seoul, ndipo eni ake amakana mayina onse awiri, la K-pop ndi la J-pop (la nyimbo za ku Japan), amati nyimbo zawo ndi X-pop. Blackswan inafika mu 2023 ilibe Mkoreya ndi mmodzi yemwe: munali Fatou wobadwira ku Senegal n'kukulira ku Belgium, Sriya wa ku India, ndi ena ochokera ku Brazil ndi America, komabe imatchedwa K-pop. Katseye, ya kampani ya ku Korea ya HYBE ndi ya ku America ya Geffen Records, inatuluka mu 2024 ku Los Angeles ndipo muli wa ku Korea mmodzi yekha. Zili ngati shuga wa ku Nchalo: nzimbe zina n'za ku esiteti, zina n'za alimi a ku Kasinthula ndi Phata, koma paketi imanyamula dzina la fakitale imene yagaya. Dzina la mtundu wa nyimbo kampani imalisankha poona komwe kuli ogula. Ikafuna okonda K-pop, amene ali kale ochuluka ndi ogwirizana pa intaneti, imadzitcha K-pop. Ikafuna mawailesi a ku America, imalichotsa.

Gulu limene ife timalilemekeza kwambiri ndi SB19 ya ku Philippines. Anyamata asanu amenewa anaphunzitsidwa ndi kampani ya eni ake a ku Korea, anatuluka mu 2018, koma amaimba m'Chitagalog, amadzitcha P-pop, ndipo mu 2023 anayambitsa kampani yawoyawo. Anatenga njira, chiyankhulo n'kusunga chawo.

Ku Japan kuli njira ina. AKB48, yomwe inayamba mu 2005 ku Akihabara mumzinda wa Tokyo, kawirikawiri simasakaniza mitundu m'gulu limodzi, koma imabzala magulu achibale m'maiko ena: JKT48 ku Jakarta mu 2011, BNK48 ku Bangkok mu 2017. Atsikana ambiri ndi akomweko, nyimbo zambiri ndi zomwezo zomasuliridwa.

Ndalama zimachokera kuti? Chimbale chimodzi chimatuluka m'zikuto zingapo zosiyana, ndipo m'kati mwa chilichonse amaikamo kakhadi ka chithunzi cha membala mmodzi, kosadziwika mpaka utatsegula. Wofuna khadi la Sana akapeza la wina amagulanso. Chimbale chilichonse chogulidwa pa sitolo yosankhidwa chimakhalanso tikiti ya mayere yokakumana ndi oimbawo, ndiye munthu mmodzi amagula zambirimbiri. AKB48 inkaika m'zimbale matikiti okagwirana chanza ndi oimba ndi mapepala ovotera. Chiwerengero cha zimbale zogulidwa sabata yoyamba chimalengezedwa kudzera ku Hanteo, kampani yowerengera malonda a zimbale ku Korea, ndipo otsatira magulu amapikisana nacho. Nyimbo isanatuluke, kampani imafalitsa ndondomeko ya masiku: lero zithunzi, mawa mndandanda wa nyimbo, kenako kachidutswa ka vidiyo. Zambiri zimatuluka 6 koloko madzulo ku Seoul, yomwe kuno ndi 11 koloko m'mawa. Zolunjika ku msika wa America zimatuluka Lachisanu 1 koloko masana, kuno ili 6 koloko m'mawa. Kenako gulu limazungulira mapulogalamu a pa TV: M Countdown Lachinayi, Music Bank Lachisanu, Inkigayo Lamulungu. Ndipo m'nyimbo iliyonse amakonzeratu kachigawo ka masekondi 15 mpaka 30 kokhala ndi kavinidwe kosavuta kutsanzira. Kachigawo kameneko ndi komwe ana athu akuvina. Akugwira ntchito yotsatsa malonda mosalipidwa, ndipo bandulo ya intaneti akugula okha.

Njira imeneyi ili ndi pophotchokera, ndipo kawirikawiri m'pomwe pali mphamvu yake. Mu 2012 SM Entertainment inatulutsa EXO, anyamata 12 ogawidwa pawiri: EXO-K oimba m'Chikoreya, EXO-M oimba nyimbo zomwezo m'chiyankhulo chachikulu cha ku China. Pakati pa 2014 ndi 2015, atatu mwa anayi ochokera ku China anachoka, nkhani ya makontrakiti inafika ku khoti. Chifukwa chake n'chomveka: membala akatchuka kwawo, amayamba kuona kuti payekha angapeze zochuluka kuposa gawo limene akulandira m'gulu la anthu 12. Ndale nazo zimalowerera. Tzuyu ananyamula mbendera ya Taiwan pa pulogalamu ina, anthu a ku China, amene amati Taiwan ndi gawo la dziko lawo, anakwiya, ndipo mu January 2016, ali ndi zaka 16 zokha, anaonekera pa vidiyo akupepesa. Chaka chomwecho South Korea itavomera zida za nkhondo za America zotchedwa THAAD, msika wa China unatsekeka kwa oimba a ku Korea kwa zaka zambiri. Pa mipikisano ya pa TV ya Produce, yomwe inabala magulu monga IZ*ONE ya atsikana a ku Korea ndi Japan, zinadziwika mu 2019 kuti mavoti anasinthidwa, ndipo okonza pulogalamu anamangidwa. Palinso kudandaula kosatha koti mamembala akunja amapatsidwa masekondi ochepa oimba poyerekeza ndi anzawo. Za makontrakiti, oimba atatu a gulu la TVXQ anasumira kampani yawo mu 2009 pa kontrakiti ya zaka 13, ndipo chaka chomwecho bungwe la boma la South Korea loona za malonda achilungamo linakhazikitsa malire a zaka 7. N'chifukwa chake magulu ambiri amatha kapena kutaya mamembala akakwanitsa zaka 7.

Tsono kuno kwathu tingatengepo chiyani? Za makhadi ndi zimbale tiiwale, chifukwa palibe amene akugula CD ku Chikwawa, ndipo ndalama ya woimba kuno imachokera m'mashoo, m'maukwati ndi kwa otsatsa malonda. Chotenga ndi nzeru ya khomo la msika ija, ndipo chigwa chino chili ndi mwayi umene Blantyre ndi Lilongwe alibe. Chisena chimayankhulidwa mbali zonse za malire, kuyambira ku Nsanje kudutsa pa Marka mpaka ku Mutarara ndi Beira. Gulu la anthu anayi kapena asanu, lokhala ndi wina woimba bwino Chisena, wina Chimang'anja ndi Chichewa, wina wodziwa Chipwitikizi wotha kuyankha mafunso pa wailesi ya ku Mozambique, lili ndi misika iwiri lisanayambe. Kupitirira asanu n'kudzivuta, chifukwa galimoto, chakudya ndi malipiro a shoo imodzi sizingakwanire.

Kachigawo ka masekondi 15 kachokere mu utse kapena likhuba, ndipo m'kayimbidwe mumveke valimba, chifukwa chimenecho ndi chomwe gulu la ku Seoul silingakupambaneni nacho. Jambulani poyeserera foni itaikidwa malo amodzi, thupi lonse likuoneka, kuti otsanzira aone mapazi. Ojambula ambiri amayendetsa foni ndipo kavinidwe kamasowa. Ndi kutentha kwa kuno, yesererani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, apo ayi anthu amafooka ndipo mapazi amasiyana. Vidiyo ichepetsedwe kukula kuti idutse pa WhatsApp, ndipo nyimbo iperekedwe tsiku lomwelo kwa obena nyimbo m'misika ndi ku mawailesi a m'madera. Lengezani masiku anu ndipo musawaphonye.

Musanaimbe shoo yoyamba, lembani mgwirizano. Unene mwini dzina la gulu, mwini maakaunti a pa intaneti ndi amene akusunga mapasiwedi, kagawidwe ka ndalama mutachotsa zoyendera, kutalika kwa mgwirizano, ndi zimene zidzachitike wina akachoka kapena akaitanidwa payekha. Zaka ziwiri kapena zitatu n'zokwanira, kenako mukambiranenso. Nyimbo zilembetsedwe ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso ku Malawi, m'mayina a amene anazipeka. Ngati muli mwana wosakwana zaka 18, kholo lisaine ndipo sukulu isaime. Woyang'anira gulu amene akufuna kudzabweza ndalama zomwe waononga pophunzitsa ana alembe chilichonse ndi kuonetsa makolo mwezi ndi mwezi, chifukwa ngongole zobisika zotere zalilitsa oimba ambiri a m'makampani ang'onoang'ono ku Korea. Wodutsa malire kukaimba akhale ndi zikalata zoyenera.

Pomaliza tichenjeze makolo. Nkhani ya Fatou imapatsa ana chiyembekezo, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Makampani akuluakulu a ku Korea salipiritsa munthu kuti ayesedwe, ndipo amalengeza mayeso pa mawebusaiti ndi maakaunti awo otsimikizika, osati kudzera mwa munthu wolemba uthenga pa Facebook usiku. Wopita kukagwira ntchito yoimba ku South Korea amafunika viza ya mtundu wa E-6, imene imatuluka pokhapokha pali kontrakiti ndi kampani yolembetsedwa. Wina akapempha ndalama ya fomu pa foni, zithunzi za thupi, kapena kuti mumutumizire pasipoti ya mwana, musungire mauthengawo ndipo mukanene ku polisi.

Ndife,
Okonza zoimbaimba ndi ophunzitsa magule,
Nchalo ndi Bangula