Lipoti la nthumwi: masitampu okhala ndi NFT

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la osonkhanitsa masitampu kuno ku Blantyre, munatituma kumsonkhano wokambirana za masitampu amene amakhala ndi mnzake wa pa intaneti, ndipo munatipatsa funso limodzi: kodi titapeko ndalama m'thumba la gulu kugulira masitampu amenewa? Yankho lathu ndi lakuti inde, koma ochepa, ogulidwa ku positi ofesi imene inawatulutsa, ndipo tisawaone ngati posungira chuma.

Anayambitsa ndi a positi ofesi ya ku Austria, pa 11 June 2019. Sitampu yawoyo ndi khadi la pafupifupi mamilimita 85 m'litali ndi 54 m'lifupi, logawidwa pawiri. Chigawo china ndi sitampu yeniyeni ya mayuro 6.90, yoti mutha kuibenthula n'kumata pa kalata, ngakhale imagwira ntchito ku Austria kokha. Chigawo chinacho chili ndi nambala ya sitampuyo komanso mawu achinsinsi obisidwa pansi pa utoto wokanda, monga zimakhalira pa khadi la mayunitsi. Mnzake wa pa intaneti uja ndi NFT, chizindikiro cha umwini chokhala ndi nambala yakeyake, yolembedwa mu blockchain ya Ethereum, kaundula amene aliyense angawerenge koma palibe angafufute zolembedwamo. Khadi lililonse lili ndi wallet yakeyake, ngati chikwama cha pa intaneti, NFT imakhala mmenemo, ndipo mawu achinsinsi aja ndiwo kiyi wake.

Anasindikiza makhadi 150,000. Papepala onse ndi ofanana, koma pa intaneti ali mitundu isanu: akuda 78,500, obiriwira 40,000, abuluu 20,000, achikasu 10,000, ofiira 1,500 okha. Apa ndi pamene pagona malonda onse. Ife tinazolowera kuti sitampu imasowa chifukwa cha mbiri yake, monga zija za mu 1891 zodindidwa B.C.A. (British Central Africa) kapena zina za Nyasaland zimene zinatsala zochepa zaka zitapita. Kusowa kwa izi n'kochita kukonza tsiku loyamba lomwe. Switzerland inachitanso chimodzimodzi mu November 2021: masitampu 175,000 a mafaranga a ku Switzerland 8.90, zithunzi 13, ndipo chithunzi chosowa kwambiri chili pa masitampu 50 okha. Croatia ndi United Nations anatulutsa awo mu 2020, Germany mu 2023 ndi chithunzi cha Brandenburg Gate, ndipo kuno ku Africa a Ghana Post anatulutsa yawo mu 2024 pokumbukira zaka 25 za ufumu wa Otumfuo Osei Tutu II.

Nthawi yambiri ya msonkhano inathera pa nkhani imodzi, ndipo inayenera kutero: khadi kukhala m'manja mwanu sizitanthauza kuti NFT nayo ndi yanu. Mwini NFT ndi aliyense wodziwa mawu achinsinsi. Munthu atha kukanda khadi, kusamutsira NFT mu wallet yake, kenako n'kukugulitsani khadi lopanda kanthu. Choopsa kwambiri ndi uyu amene amakanda, kukopera mawuwo papepala, NFT n'kuisiya momwemo. Inu mukayang'ana mupeza zonse zili bwino, mulipira, iye n'kudzaichotsa patapita mwezi kapena chaka. Zikatero palibe kodandaula. Positi ofesi siingabweze, chifukwa zolembedwa mu blockchain sizibwerera m'mbuyo.

Choncho pogula kwa munthu, ndalama isanatuluke, pemphani chithunzi chooneka bwino cha mbali zonse ziwiri za khadi. Tengani nambala ya sitampu kapena QR code, mufufuze pa tsamba la positi ofesi yoitulutsa. Adiresi ya tsambalo lembani nokha, osadina link imene wogulitsa watumiza. Pamenepo muona mtundu wa NFT ndi adiresi ya wallet imene ikuisunga, yoyamba ndi 0x, ya zilembo ndi manambala 42. Adiresi imeneyi ifanane ndi ya khadilo. Kenako muifufuzenso pa tsamba loonetsa zolembedwa mu blockchain: pa Etherscan ngati sitampuyo ili pa Ethereum, kapena pa Polygonscan ngati ili pa blockchain ina yotchedwa Polygon, monga za Switzerland ndi Germany. Mukaona kuti NFT inatulukapo kale, malonda athere pomwepo. Onaninso adiresi ya contract, pulogalamu ya mu blockchain imene inatulutsa NFT imeneyo, ifanane ndi imene positi ofesi inalengeza, pakuti munthu aliyense atha kukopera chithunzi n'kupanga NFT yake yonamizira, ndipo m'misika ngati OpenSea zotere zimapezeka.

Utoto wokanda nawonso uunikidwe ndi galasi lokulitsa. Timapepala tomata tooneka ngati utoto womwewo timagulitsidwa poyera, ndiye khadi lokandidwa litha kuvekedwa kachiwiri. Yang'anani m'mphepete: kutukuka, guluu wotuluka, kupendekeka, kapena mtundu wosiyana ndi wa khadi lina lochokera ku positi ofesi. N'chifukwa chake tikufuna gulu likhale ndi khadi limodzi logulidwa mwachindunji, loyerekezera.

Khadi likafika pali chisankho chimene sichingabwezedwe. Mukalisiya losakanda, limasunga mtengo wake pakati pa osonkhanitsa, koma NFT simungaisunthe, mungoiyang'ana. Mukakanda, NFT muisamutsira kumene mukufuna, koma khadilo latsika mtengo, ndipo mukabenthula sitampu latsikiratu. Maganizo athu ndi akuti khadi lochokera ku positi ofesi lisakandidwe. Koma logulidwa lokandidwa kale lisagone: NFT isamutsidwe tsiku lomwelo.

Kusamutsako kumayenda motere. Ikani wallet monga MetaMask pa foni, kuchokera ku Play Store kapena App Store basi. Ikupatsani mawu 12 achinsinsi. Alembeni ndi bolopeni papepala, m'ndondomeko yake, musawajambule ndipo musawatumize pa WhatsApp. Kenako tsegulani wallet ya khadi potsatira malangizo a positi ofesi yoitulutsa, muikemo adiresi ya wallet yanu mochita kukopera, ndipo musanatumize yerekezani zilembo zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza. Kutumiza kuli ndi mtengo wake umene amati gas, wolipidwa mu ndalama ya blockchain yomweyo: ETH pa Ethereum, POL pa Polygon, imene kale inkatchedwa MATIC. Wallet ya khadi ikakhala yopanda ndalamayi, NFT siyenda mpaka mutaikamo. Mu 2021 gas pa Ethereum nthawi zambiri inkaposa mtengo wa sitampu yeniyeniyo, pamene pa Polygon ndi yochepa kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa kuti otulutsa a pambuyo pake anakonda Polygon.

Zolakwika zimene zinatchulidwa kwambiri ndi zitatu. Ena amatumiza NFT ku adiresi ya akaunti yawo ya pa msika wogulitsa ndalama za crypto, kumene NFT sizilandiridwa, ndipo kuibweza n'kovuta kapena kosatheka. Ena amaona wallet yopanda kanthu n'kuyamba kulira kuti aberedwa, chonsecho wallet ikuyang'ana pa Ethereum pamene NFT ili pa Polygon. Kungosintha network, imaoneka. Achitatu ndi amene amalemba mawu 12 aja pa tsamba lowalonjeza mphatso kapena thandizo. Wa positi ofesi weniweni sangakufunseni mawu amenewa.

Pali china chimene ogulitsa sakonda kutchula. Kawirikawiri chithunzi sichikhala mu blockchain. Mumakhala nambala, mwini wake, ndi chizindikiro cholozera kumene chithunzicho chasungidwa. Kosungirako kukatsekedwa, umwini utsala koma choona palibe. Sitampu ya mu 1964 ili mu alubamu yanu siidalira kuti wina azilipira kompyuta yosungira zinthu chaka ndi chaka. Izi zimadalira. Choncho sungani chithunzi cha NFT pa kompyuta, ndipo lembani papepala nambala yake, adiresi ya contract ndi dzina la blockchain, muziike pamodzi ndi khadi.

Za kasungidwe ka khadi tinene mwachidule. Silikwana m'timizere ta alubamu wamba ndipo lisamatidwe. Lililonse likhale m'kathumba kake ka pulasitiki wopanda PVC, osawasanjikiza, chifukwa utoto wokanda umapalika akamakhudzana. Makhadi a ku Austria kuyambira la mu 2021 la chithunzi cha namgumi ali ndi kachipangizo ka NFC mkati, kamene foni imawerenga ikayandikizidwa, ndipo kangafe khadi likapindika. Chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni mukuchidziwa kale zimene chimachita pa guluu wa masitampu, ndiye m'bokosimo muzikhala timatumba ta silica gel.

Nkhani ya ndalama ndiyo yatichititsa kunena kuti ochepa. Kugula ku positi ofesi za kunja kumafuna khadi la banki lolipira mu ndalama zakunja, ndipo za kusowa kwa ndalama zakunja sitikuuzani zachilendo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sitampu yomweyo inakwera mtengo kwa ife popanda kusintha kalikonse. Onjezanipo mtengo wotumizira pa rejisitala, wokhala ndi nambala yolondolera phukusi, ndi msonkho umene a MRA angaike. Kumbukiraninso kuti Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Khadi losakanda silifuna ETH kapena POL, choncho gulu lingakhale nalo osakhudza ndalama zimenezi. Za phindu, msika wa NFT unagwa kwambiri mu 2022, ndipo amene akuloza mitengo ya sitampu yofiira ya mu 2019 aziwerenganso kuti yofiira inali imodzi pa makhadi 100 alionse.

Tikupempha gulu livotere izi pa msonkhano ukubwerawu. Tigule makhadi atatu mwachindunji, ochokera m'mayiko osachepera awiri. Awiri asungidwe osakanda, limodzi likandidwe pamaso pa mamembala kuti aliyense aone kusamutsa kwake ndi maso, ndipo limeneli likhale la pa Polygon. Mawu 12 a wallet ya gulu alembedwe pa mapepala awiri, aikidwe m'maenvelopu omata ndi osainidwa pomatapo, ina kwa msungichuma, ina kwa mlembi, ndipo maudindo akasintha patsegulidwe wallet yatsopano, NFT isamukire kumeneko. Malamulo a gulu awonjezedwe kuti membala wogulitsa khadi kwa mnzake azinena poyera ngati linakandidwapo.

Amene mudzabwere, onani kaye m'masetingi a foni yanu ngati muli NFC, chifukwa mafoni ambiri otsika mtengo alibe. Tikufunika osachepera awiri amene ali nayo, komanso galasi lokulitsa ka 10 la gulu libwere.