Kalata kwa amayi ku Ulongwe

Okondedwa Amayi,

Ndikukhulupirira kuti inu ndi abambo muli bwino ku Ulongweko. Ifenso kuno ku Johannesburg tili moyo. Ndalemba kalatayi chifukwa tsiku lija munalira kwambiri pa foni mutaona chithunzi chimene mng'ono wanga anakutumizirani pa WhatsApp, moti sindinapeze mpata wokufotokozerani nkhani yonse.

N'zoona kuti mng'ono wangayo anachitidwa opaleshoni yokulitsa mabere masabata 3 apitawo, ndipo n'zoonanso kuti bere lakumanja lili m'mwamba, lotupa ndi lolimba, pamene lakumanzere layamba kutsika ndi kufewa. Ine ndinamuletsa asanapite, poona kuti ndalama zimenezo zikanafolera nyumba yathu ndi malata, koma madzi akatayika saoleka, ndipo chimene chatsala n'chakuti achire bwino.

Lachiwiri lapitali ndinamuperekeza kwa dokotala wake kuti ndikamve ndi makutu anga. Timatumba ta silikoni (chinthu chofewa ngati mphira) timene anamuika pokulitsa maberewo tili pansi pa mnofu wa pachifuwa, ndipo mnofuwo ukangosokonezedwa chotere umakungika n'kukankhira kathumbako m'mwamba, kufikira utazolowera n'kumasuka pang'onopang'ono. Mbali ziwirizi sizimasuka tsiku limodzi, ndiponso kutupa sikuphwa mofanana, n'chifukwa chake bere lina limatsogola kutsika linzake likadali kumwamba. Dokotalayo anati pamatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti maonekedwe enieni adziwike, ndipo nthawi imeneyo isanakwane sangalankhule n'komwe za opaleshoni ina yokonza. Anationetsanso zithunzi zimene anamujambula asanamuchite opaleshoni, ndipo tinaona tokha kuti lakumanzere linali lokulirapo kale. Inu amene munatiyamwitsa tonse mukudziwa kuposa ine kuti mabere a mkazi kawirikawiri salingana ndendende. Musaganizenso kuti akuyesera pa mwana wanu chinthu chachilendo, pakuti opaleshoni yoyamba yoika silikoni inachitika mu 1962 ku Houston, m'dziko la America.

Zimene ndikuyang'anira usana ndi usiku ndi zina. Bere limodzi likatupa mwadzidzidzi, n'kuda ngati lamenyedwa ndiponso kupweteka kwambiri, ndiye kuti mwina magazi akusonkhana mkati. Likafiira n'kutentha, thupi lonse n'kutenthanso, kapena pachilonda n'kutuluka mafinya, ndiye kuti mwalowa tizilombo. Zikatero tidzathamangira kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Pakali pano palibe ngakhale chimodzi cha zimenezi, ndipo akudya bwino, akugona chagada monga anamuuzira, akuvalanso bra yapadera imene anamupatsa.

Tsopano ndikupempheni, Amayi, ndipo mundikhululukire ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga. Mankhwala amene azakhali akuti mutumize pa basi kuti timutemere mphini pachifuwa musatumize, chifukwa kucheka khungu pafupi ndi chilonda ndiko kungalowetse matenda amene tikuwaopawo, ndipo akafika pa kathumbako madokotala amatha kukachotsa. Palibe amene wamulodza. Zomumanga chitenje mothina kuti bere litsike nazonso ndakana, popeza chomanga pachifuwa chake chiyenera kuchokera kwa dokotala yekha.

Munafunsanso ngati adzayamwitse. Amayi ambiri amene anachitidwa opaleshoni imeneyi amayamwitsa, ngakhale kuti ena mkaka umawachepera, ndipo zake tidzaziona akadzabereka. Wauzidwa kuti asanyamule zolemera kwa masabata pafupifupi 6, choncho tikabwera mu Disembala adzakhala atadutsa nthawi imeneyo, komabe ndikadakonda kuti munsi ndi ndowa ya madzi zidzakhale zanga, iye azidzangosankha nyemba pakhonde. Nkhaniyi isafike kuchitsime, chifukwa mwini wake ali ndi manyazi kale. Adzaonananso ndi dokotala mwezi wamawa, ndipo ndidzakuimbirani madzulo a tsiku lomwelo.

Mupereke moni kwa abambo ndi azakhali.

Ndine mwana wanu woyamba,
ku Johannesburg